Pa masanje panalinso galu

Ndakatulo zolira masanje zachuluka masiku ano. Ukangotsegula Facebook kapena wailesi, upeza mlakatuli akudandaula kuti mafoni apha mwambo, ati ana akale ankaphunzira ulemu pa masanje. Zina zimandikhudza ndithu. Koma pafupifupi zonse zimabisa chinthu chimodzi: aliyense m'ndakatulozi anali bambo kapena mayi. Nanga galu anali ndani?

Kwathu ku Chisepo masanje ankafika pachimake chimanga chikachoka m'munda, cha mu Juni. Tinkakunkha zotsalira, kumanga tizisakasa ta mapesi, atsikana n'kumaphika m'zitini. Kugawana tinkaphunzira, sindikukana. Koma maudindo ankagawa ndi ana amphamvu. Mwana wausiwa, wachibwibwi, kapena amene makolo ake angobwera kumene kudzagwira utenanti wa fodya, ankauzidwa kuti akhale galu kapena fisi, azidikira zotsala. Ine ubambo ndinaudya kangapo, ndipo sindinafunsepo chifukwa chake mnzathu wina ankakhala galu chaka ndi chaka. Nalonso linali phunziro, ndipo linatilowa bwino lomwe.

Chilungamo chenicheni ndinkachiona pa fulaye, alongo anga akamasewera. Pamenepo palibe woimba wezulo. Mpira ukangokhudza siketi, mwini wake amayenera kuvomera yekha n'kutuluka. Akakana, masewera amathera pomwepo, anzake n'kumusiya ndi botolo lake la mchenga. Wabodza ankalangidwa ndi kusungulumwa, popanda wamkulu aliyense kutsegula pakamwa.

Apa ndiye alakatuli athu akunena zoona. Kusukulu kuli Life Skills, ndipo MANEB imafunsa phunziroli pa mayeso a Sitandade 8. Mwana akhoza kuloweza tanthauzo la kukhulupirika, n'kukhoza bwinobwino, koma asanavomerepo n'kamodzi komwe kuti mpira wamukhudza. Khalidwe limakhwima pamene kunena zoona kukukuluzitsa kanthu, anzako akuona.

Vuto langa ndi lakuti ndakatulozi zimayamika masewera onse mtolo umodzi, ngati kuti chilichonse chakale chinali mankhwala. Fulaye ankatiphunzitsa kuti lamulo ndi limodzi kwa tonse. Masanje, nthawi zina, ankatiphunzitsa kuti ena anabadwira kudya m'mbale, ena pansi. Mphunzitsi kapena kholo lofuna kubwezeretsa masewerawa liyenera kudziwa kusiyana kumeneku, apo ayi tidzangobwezeretsa tsankho lomwe lija, titaliveka nyimbo yokoma.

Ndikudikira mlakatuli amene adzalembe masanje m'maso mwa mwana uja ankakhala galu. Ameneyo ndidzamuwerenga kawiri.

Inu pa masanje munkakhala ndani?