Achebe ndi nkhani yoti buku loyamba ndilo lokoma

Ambiri amati mabuku otsatizana amayamba ndi moto kenako n'kumazilala. Kwa Achebe, pang'ono n'zoona. Ukachoka pa Things Fall Apart la 1958, No Longer at Ease la 1960 limapepuka ndithu. Obi, mdzukulu wa Okonkwo, timamupeza ali kale m'khoti pa mlandu wa ziphuphu, ndiye timangodikira kugwa komwe tikukudziwa.

Koma Arrow of God la 1964? Apa ndiye ayi. Ezeulu, wansembe wa Ulu, atatuluka m'chitokosi cha atsamunda akukana kulengeza zokolola mpaka atamaliza zilazi zopatulika, chimodzi pamwezi. Zilazi zikuwonongeka m'minda, njala yavuta, anthu akuthawira kutchalitchi. Okonkwo timamumvetsa msanga. Ezeulu ngovuta: akumvera mulungu wake, kapena akungolanga anthu amene sanamumenyere nkhondo atamangidwa?