Corín Tellado: wonyozedwa ndi akatswiri, wokondedwa ndi owerenga

Corín Tellado anabadwira m'mudzi wa asodzi wa Viavélez ku Spain mu 1927, ndipo anamwalira ku Gijón mu 2009. Buku lake loyamba linatuluka mu 1946. Pomwalira anali atalemba nkhani zachikondi zoposa 4,000, zina n'kumasuliridwa m'Chipwitikizi.

Akatswiri a zolembalemba ankamuderera, ndipo pena sankalakwa. Nkhani zake zimafanana: awiri akondana, pabuka chopinga, pamapeto ukwati. Wowerenga zisanu amalota kale mathero a yachisanu ndi chimodzi.

Komabe luso analinalo. Ziganizo zake n'zazifupi, mawu ake ndi a tsiku ndi tsiku, ndipo nkhani imayenda ndi makambirano a anthu ake. M'nthawi ya Franco, akuluakulu ounika mabuku ankamubwezera zolemba zomwe ankati n'zolaula. Iye anaphunzira kuphiphiritsa, kusiyira wowerenga kuti amalize yekha m'maganizo. Timabuku take tinali totchipa, togulitsidwa pamodzi ndi nyuzipepala, ndipo anthu ankasinthana. Motero amayi ambiri amene sanapite patali ndi sukulu sanasiye kuwerenga.

Apa pali phunziro kwa aphunzitsi a zilankhulo ziwiri. Mwana wa ku Angónia akadziwa kuwerenga Chinyanja, kawirikawiri amangopeza buku la m'kalasi ndi Baibulo. Nkhani za Tellado si za ana, koma njira yake ingathandize: tinkhani tatifupi ta m'Chinyanja, tosavuta kupeza, tomupangitsa mwana kufunsa kuti, "Kenako zinatani?" Mphunzitsi angathe kulemba totere pamodzi ndi ophunzira ake. Mwana wosowa chowerenga chomukomera amaiwala msanga zimene anaphunzira.