Mawu oti “kutchona” ku Bulawayo: malire a kalembedwe kamodzi

Kabuku ka malamulo a kalembedwe kamodzi ka ziyankhulo za ku Malawi, Mozambique ndi Zambia, kamene bungwe la CASAS lidasindikiza ku Cape Town mu 2001, kadalimbana ndi nkhani ya zilembo, monga kusiyana kwa “Chinyanja” ndi “ntchito” ku Malawi ndi “Cinyanja” ndi “nchito” ku Zambia. Ntchitoyi idali yofunika, koma idali ndi malire awiri: dziko la Zimbabwe silidali m'gulumo, ndipo malamulo a zilembo sakhudza matanthauzo a mawu.

Malire awiriwa amaonekera poyera ku Bulawayo. Mzindawu udalandira anthu ambiri ochokera ku Nyasaland, odzagwira ntchito panjanji ndi m'mafakitale, makamaka m'nthawi ya Chitaganya, kuyambira 1953 mpaka 1963. Zidzukulu zawo zikadali m'makomboni monga Makokoba ndi Sizinda, ndipo zambiri zimayamba kuyankhula Chindebele zisanadziwe Chichewa.

Kwa wa ku Malawi, “kutchona” ndiko kukhalitsa kuchilendo osabwerera kumudzi, ndipo dzina loti “mtchona” lili ndi chitonzo: limanena munthu amene adataya abale ndi manda a makolo. Mawuwa ngofanana ndi a Chindebele oti “ukutshona”, amene amanena za kulowa kwa dzuwa komanso kuswera. Moni wamadzulo woti “Litshone njani?” ndiye “Mwaswera bwanji?” wa ku Lilongwe, kapena “Mwachoma bwanji?” wa ku Lusaka. Choncho mwana wa ku Sizinda akawerenga kuti “agogo adatchona ku Halale”, khutu lake litha kungomva kuti agogowo adaswera kumeneko. Kalembedwe kangakhale kolondola chotani, ululu wa chiganizocho sungamufike, chikhalirecho mtchona wonenedwayo ndi agogo ake enieni.

Chiyambire 2013, malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe amazindikira Chichewa pakati pa ziyankhulo 16 zovomerezeka. Njira yapafupi kwa osindikiza mabuku a sukulu ndiyo kutenga buku la ku Malawi, kusintha zilembo zingapo, n'kulitumiza ku Bulawayo, ndipo njira imeneyi njosakwanira. Maunduna a zamaphunziro ayenera kulamula kuti buku lililonse lowoloka malire likhale ndi mndandanda wa mawu ndi zining'a zimene tanthauzo lake limasintha malinga ndi dera, ndipo mndandandawo uyesedwe kaye pa ana ndi makolo a ku Bulawayo komweko buku lisanasindikizidwe.