Kodi "Mankhwala" Ndi Mawu Oyenera?

Pa msika wa Nkhata Bay, pamene Chitonga ndi Chichewa zimamvekera limodzi, mawu oti sola ndi batire adakhazikika kale pakamwa pa amalonda. Palibe cholakwika pamenepo, pakuti chiyankhulo chidalandiranso mawu monga sukulu ndi buku. Vuto limabuka pofotokoza sayansi ya magetsiyo.

Mu 1800, William Nicholson ndi Anthony Carlisle adagawa madzi ndi mphamvu ya magetsi, napeza mipweya iwiri, hayidirojeni ndi okosijeni. Lero akatswiri akugwiritsa ntchito magetsi a dzuwa popanga hayidirojeni, amene poyaka satulutsa utsi. Kuti madzi agawike msanga pamafunika chitsulo monga pulatinamu, chimene pa Chingerezi amati catalyst. Popeza pulatinamu ngwodula, ofufuza akuyesa zitsulo zotchipa monga nikelo.

Omasulira ena, akapeza mawu a Chingereziwa, amangolemba kuti "mankhwala". Kumasulira kotereku n'kosokeretsa. Mankhwala amatha akagwira ntchito, pamene chitsulochi chimafulumizitsa kugawika kwa madzi koma icho chosatha. Wophunzira womva "mankhwala" adzayesa kuti pulatinamu amasungunuka m'madzimo, motero phunziro lonse lidzamusokonekera.

Mawu oyenera ndi "chofulumizitsa". Mphunzitsi angachifanizire ndi nkhoswe, amene amalumikiza banja koma iye osalowa m'banjamo.

Kuyambira 2021, ku Salima kuli malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 60. Sayansi imeneyi yafika m'Malaŵi, choncho alembi a mabuku ndi aulutsi a pawayilesi ayenera kugwirizana pa mawu amodzi olakwikawo asanazike mizu.