“Ndi mwana wathu”: mawu amene amatseka pakamwa pa mlezi

M'nyumba zambiri za ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota muli mtsikana kapena mayi wolera ana. Mlendo akafunsa kuti ameneyu ndani, timayankha mwachangu kuti, “Ndi mwana wathu, timadya naye mbale imodzi.” Mawuwa ndi okoma m'khutu, koma ndi omwewa amene amamutseka pakamwa tsiku limene wafuna kupempha kuti malipiro ake akwere. Mwana salipiritsa mayi ake. Motero mlezi akangotchula za ndalama amasanduka wosayamika, ndipo mawa lake anansi amamva kuti wayamba matama.

Ubale umenewu umayenda mbali imodzi. Pa ntchito ndi mwana wathu. Pa fizi, pa chipatala ndi pogawa chuma ndi mwana wa eni ake. Tinamulemba kuti alere khanda limodzi. Lachiwiri labadwa, kuchapa kwawonjezeka, m'mwezi wa Ramadhan ndiye woyamba kudzuka kukonza chakudya cha m'bandakucha, koma ndalama ndi yomwe ija tinagwirizana zaka zitatu zapitazo. Akadandaula timamuwerengera nsima, sopo ndi chitenje cha pa Eid. Chitenjecho ndi mphatso, ndipo mphatso sibweza ngongole.

Zaka zitatu si zochepa m'dziko muno. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mu Febuluwale 2024 boma linakweza malipiro otsikitsitsa a antchito a pakhomo kuchoka pa K38,000 kufika pa K52,000 pamwezi. Chiwerengero chotere chimasintha, ndipo chatsopano chimapezeka ku ofesi ya zantchito ya pa boma. Amene akulandirabe ndalama ya 2021, malipiro ake anadulidwa ngakhale palibe amene anamuuza. Iye sakupempha zoonjezera; akupempha zimene mitengo ya chimanga ndi sopo inamulanda.

Chimene chimatiwawa kwambiri ndi uphungu umene ife eni, aphunzitsi ndi akuluakulu, timapereka. Mlezi akabwera kudzafunsa nzeru timamuuza za kupirira. Kupirira ndi khalidwe lapamwamba, koma bwanji timalilalikira kwa wolandira yekha, wolipirayo n'kumusiya? Qur'an yatchula poyera malipiro a mayi woyamwitsa mwana mu Surah Al-Baqarah ndi Surah At-Talaq, ndipo yalamula kukambirana mwaubwino. Halima wa fuko la Banu Sa'd, amene anayamwitsa Mtumiki wathu (mtendere ndi madalitso a Allah zikhale pa iye), anapita ku Makkah ndi amayi anzake kukafuna makanda olera kuti apeze zofunika pa moyo, ndipo palibe amene amamunyoza pa chimenecho. Timaphunzitsa ana athu dzina lake ku madrasa, kenako anawo amabwerera kunyumba kukaona wowalera akuopa kutsegula pakamwa.

Mlezi nayenso ali ndi mbali yake. Ambiri amasunga nkhaniyi mumtima mpaka yawawasa, kenako amanamizira maliro kumudzi n'kupita osabwerera, ana amene anawazolowera n'kutsala akulira. Kuli bwino kulankhula. Asankhe nthawi imene mayi a pakhomo apuma, osati pamaso pa alendo kapena mkangano uli mkati. Atchule ntchito imene anagwirizana poyamba ndi imene yawonjezeka, anene ndalama yeniyeni imene akufuna, pakuti “mundiganizireko” amayankhidwa ndi “tiona”. Ngati anabwera kudzera mwa azakhali kapena amfumu, munthu ameneyo akhalepo ngati mboni, ndipo zimene agwirizana zilembedwe.

Pali nyumba zimene ndalama ndi yochepadi, monga ya msodzi m'miyezi imene nyanja yatsekedwa. Woteroyo anene zoona, ndipo achepetse ntchito kuti ifanane ndi ndalama: mlezi aziweruka masana, apatsidwe tsiku lopuma pa sabata monga lamulo la zantchito la 2000 likunenera, ndiponso mwezi wodzakambirananso malipirowo utchulidwe.