Malire a kusuntha mawu m'chiganizo

Luso lalikulu la John Robert Ross, m'kafukufuku amene anapereka ku MIT mu 1967, linali lopanga ziganizo zolakwika mwadala. Galamala ya Noam Chomsky inkaphunzitsa kuti pofunsa m'Chingelezi, liwu lofunsira limanyamuka pamalo pake n'kukakhala koyambirira kwa chiganizo, ngakhale lichokere kutali. Ross anasakasaka malo amene liwulo limakanika kutulukamo. Malowo anawatcha zilumba, ndipo chiganizo chokanika chinkaikidwa kanyenyezi kutsogolo.

Tiyese ndi pakamwa pathu. Wina wabwera kuchokera kugolosale ndi mchere ndi sopo. Pofuna kudziwa chachiwiricho timati, "Wagula mchere ndi chiyani?" ndipo palibe wodabwa. Koma talitulutsani liwulo: "Ndi chiyani chimene wagula mchere ndi?" Ngakhale mwana wa sitandade 1 angakuyang'aneni modabwa, chonsecho palibe mphunzitsi anamuuzapo kuti mawu omangidwa ndi mlumikizi sasiyanitsidwa. Apa Ross ndimamugomera. Chitsanzo chake chimasintha kanthu kamodzi kokha, zina zonse n'kuzisiya momwemo, kuti khutu lidzimvere lokha pamene pathyoka. Mu 1973 Chomsky anayesa kumanga zingapo mwa zilumbazi m'lamulo limodzi la Subjacency, koma kwa ine zitsanzozo n'zimene zakhalitsa kuposa lamulolo.

Chilumba china n'chachiganizo chofotokoza dzina, chija chimayamba ndi "amene". Chingelezi sichilola kutulutsamo dzina n'kusiya malo ake opanda kanthu. Nanga ife bwanji timanena bwinobwino kuti, "Mwana uja, ndikuwadziwa amayi amene anamulera"? Mwanayo ali kutsogolo, kutali ndi mneni wake, koma chiganizo chikukoma. Chotsani ka -mu- kaja muti "amene analera", mumve mmene chikutsimphinira.

Joan Bresnan wa ku Stanford ndi Sam Mchombo, Mmalawi amene anaphunzitsa ku Berkeley, analifotokoza funsoli mu 1987 m'magazini ya Language. Anaonetsa kuti kamphatikiram'kati kotere ndi mlowam'malo weniweni wokhala m'kati mwa mneni. Dzina lakutsogolo lija silinasunthe ayi, langotchulidwa kuti tidziwe amene akukambidwa. N'chifukwa chake popanda kamphatikirako pamtherankhani amatsatana ndi mneni, koma kakakhalapo mwininkhani, mneni ndi pamtherankhani amasanjika m'njira 6. Galamala imene awiriwa ankatsata sigwiritsa n'komwe ntchito ganizo la kusuntha, ndipo pa Chichewa ndikuona kuti anamva bwino.

Nkhaniyi imandikhudza kwambiri ndikamamva masewero a pa wailesi ndi nkhani zomasuliridwa. Mlembi amafuna kutsindika dzina, n'kulikokera kutsogolo monga analionera m'Chingelezi, koma ka -mu-, ka -zi- kapena ka -chi- osakaika. Wowerenga pa wailesi amafika pa mneni, n'kudodoma, kenako amakabwezeramo yekha kamphatikira kamene mlembi anasiya.