Mbalame Yobedwa Ikakhala Woweruza

Akuluakulu amati madzi akatayika saoleka. Nthano za sayansi zimakana mwambi umenewu: zimabwerera m'mbuyo kukaola madziwo, n'kufunsa kuti zikanakhala bwanji akanapanda kutayika. Ndi funso limeneli lomwe lili pamtima pa Mukudzei, gawo limodzi mwa makatuni khumi aafupi a Kizazi Moto: Generation Fire, amene Disney+ inatulutsa mu Julaye 2023 mogwirizana ndi situdiyo ya Triggerfish ya ku Cape Town. Gawoli analitsogolera ndi Pious Nyenyewa ndi Tafadzwa Hove, anansi athu a ku Zimbabwe.

Muku ndi mnyamata wa masiku ano, wokhalira kusaka kuchuka pa intaneti. Ataononga cipilala copatulika pa mabwinja a Great Zimbabwe, nthawi ikung'ambika ngati citenje cakutha, ndipo akupezeka ali ku Muchadenga, Zimbabwe ina ya m'tsogolo imene atsamunda sanapondemo. Kumeneko akukumana ndi Rumbie, nayenso wosocera kucokera ku nthawi ina, ndipo awiriwo akuthamangitsidwa ndi ciwombankhanga ca makina cosunga malamulo a dzikolo.

Mphamvu ya filimuyi yagona pa mbalameyi. Aliyense wodziwa mbiri akumbukira mbalame zisanu ndi zitatu zosemedwa pamwala zimene zinapezeka pa Great Zimbabwe, ndi kuti mu 1889 Willi Posselt anatenga imodzi n'kukaigulitsa kwa Cecil Rhodes. Pambuyo pake boma la Rhodesia linalimbikira bodza lakuti anthu akuda sakanatha kumanga makoma amenewo, ngakhale Gertrude Caton-Thompson anali atatsimikiza kale mu 1929 kuti ndi nchito ya Aafirika. M'dziko lathu mbalame inabedwa. Ku Muchadenga mbalameyo ndiyo ikugwira olakwa. Opanga filimu sakulalikira, angotembenuza cithunzi. Ndipo wolakwa pano si mzungu ai, ndi mwana wa m'nyumba amene saona kusiyana pakati pa malo a makolo ndi khoma lojambulirapo selefi.

Koma Muchadenga weniweniyo sakhutiritsa. Dziko limene silinalamulidwepo ndi alendo, n'cifukwa ciani likuoneka ngati m'bale wa Wakanda, nsanja zazitali ndi magetsi ong'anima? Ngati umboni wakuti tikanatukuka ndi makina ndi nyumba zofika kumitambo, ndiye kuti tikudziyesabe ndi muyeso wa amene anatilanda. Filimuyi ndi yaifupi, ndipo nthawi yambiri yathera pa liwiro la kuthawa. Sitikumva mmene anthu a kumeneko amaweruzira milandu pabwalo, mmene amalirira maliro, kapena amene amalima cakudya cawo. Dziko lina limene tapatsidwa ndi la maso cabe.

Ife a kuno ku Livingstone funsoli silili patali. Mzinda wathu unachedwa dzina la munthu amene anaona mathithi mu Novembala 1855, pamene eni ake anali kale ndi maina akuti Mosi-oa-Tunya ndi Shungu Namutitima. Mlatho wa 1905 ndi njanji ndiwo anabala tauniyi, imene inakhala likulu la Northern Rhodesia kuyambira 1911 kufikira 1935. Tikati tifufute atsamunda m'mbiri, tafufutanso misewu imene timayendamo. Kodi pamalo pano pakanakhala ciani? Ana a sukulu ukawafunsa zimenezi, ambiri amathamangira ku magalimoto ouluka. Ocepa ndi amene amayamba ndi ufumu wa Mukuni, madoko a pa Zambezi ndi malonda amene analipo njanji isanafike.

Apa buku la Namwali Serpell, The Old Drift, limene linapata mphoto ya Arthur C. Clarke mu 2020, lafika patali kuposa Mukudzei. Likuyambira pa kamudzi ka azungu ka Old Drift, pafupi ndi mathithi athuwa, n'kukathera m'tsogolo mwa tindege tating'ono tonga udzudzu. Serpell sakufufuta bala la utsamunda. Akulitsata mpaka kwa zidzukulu.

Ngakhale zili conco, Mukudzei ndi woyenera kuonera, makamaka pamodzi ndi acinyamata. Funso lake ndi labwino kuposa yankho lake, ndipo limasiya mpata wakuti alembi a Cinyanja, Citonga ndi Cilozi amange Muchadenga wao, woyambira pa mtsinje uno.